Milandu ya m'Banja: Chobisa N'chiti, Choulula N'chiti?



Palibe banja lomwe limamangidwa ndi cholinga chakuti tsiku lina lidzakaime pamaso pa woweruza. Tsiku la nikah limakhala la chimwemwe: mpunga umaphikidwa, amayi amaimba nthungululu, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri amagwirana chanza. Koma si mabanja onse omwe amafika ku ukalamba. Ena amagwedezeka, ena amatha ndithu, ndipo akatha pamatsala mafunso olemera. Ana akhala ndi yani? Aziwagulira chakudya, zovala ndi makope ndani? Nyumba ya malata yomwe anthu awiri anamanga pa malo a kuchikazi ikhala ya yani? Nanga bwato, injini ndi chilimira?

Mafunso amenewa amayankhidwa ndi anthu anzathu: ankhoswe, a shehe, amfumu kapena a majisitireti. Tsono nkhani yathu m'kope lino ndi yakuti, kodi pamene anthu amenewa akuyankha, chitseko chikhale chotseka kapena chotsekula? Tonsefe tinakula tikumva kuti za m'banja saulula, ndipo mawuwa ali ndi nzeru yake. Komatu tonsefe tikudziwanso mayi yemwe anangouzidwa kuti, "Nkhani yanu ija yatha, akuluakulu akambirana," iye osadziwa kuti akambirana liti, ndi yani, nanga n'chifukwa chiyani yatha choncho. Ife tikuona kuti chinsinsi chili ndi ntchito imodzi yokha, yomwe ndi kuteteza mwana ndi ulemu wa banja. Chikayamba kuteteza woweruza ndi chigamulo chake, pamenepo chasanduka mdima, ndipo mumdima ndi momwe wofooka amaponderezedwa.

Zomwe anzathu aphunzira ku England

Tiyambire kutali pang'ono, ku England ndi Wales, pakuti dongosolo la makhoti athu kuno ku Malawi tinalitengera kumeneko, ndipo anzathuwo akhala akulimbana ndi funso lomweli kwa zaka zoposa 100.

M'chaka cha 1913 bwalo lomwe linali lalikulu koposa m'dzikomo, la House of Lords, linagamula mlandu wodziwika ndi dzina lakuti Scott v Scott. Mayi wina anapempha khoti kuti lithetse ukwati wake pachifukwa chakuti mwamuna wake sankatha za m'nyumba. Mlanduwo unamvedwa m'chipinda chotseka. Utatha, mayiyo anatumiza mapepala a zomwe zinakambidwa kwa achibale a mwamunayo pofuna kuyeretsa dzina lake, ndipo anapezeka wolakwa pa mlandu wonyoza khoti. Koma oweruza a House of Lords anafafaniza chigamulo chimenecho. Iwo anatsindika kuti chilungamo chiyenera kuchitikira poyera, ndipo manyazi okha si chifukwa chokwanira chotsekera chitseko. Anangopatulapo milandu yochepa, monga ya ana omwe ali m'manja mwa khoti.

Kampata kakang'ono ka milandu ya ana kameneka kanakula m'kupita kwa nthawi. Lamulo la m'chaka cha 1960 linaika chiletso pa kufalitsa zomwe zakambidwa mseri pa milandu yokhudza kaleredwe ka ana. Cholinga chake chinali chabwino. Koma zotsatira zake zinali zakuti chaka ndi chaka milandu zikwizikwi, ina yolanda ana m'manja mwa makolo n'kuwapereka kwa anthu ena, ina yogawa ana pakati pa bambo ndi mayi, inkagamulidwa popanda munthu wakunja woonerera. Kholo lomwe linkaganiza kuti laweruzidwa mokondera silinkaloledwa kukafotokoza zonse ku nyuzipepala. Anthu anayamba kuwatchula mabwalowa kuti makhoti a chinsinsi. Madandaulo ena anali oona, ena anali abodza, koma panalibe njira yowasiyanitsira. Choncho oweruza achilungamo ankanyozedwa pamodzi ndi olakwa, ndipo olakwa ankabisala pakati pa achilungamo.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Mu Epulo 2009 atolankhani analoledwa kulowa m'mabwalo a mabanja, koma zambiri zomwe ankamva sankaloledwa kuzilemba, kotero kuti ambiri sankapitako n'komwe. Mu 2014 Sir James Munby, yemwe panthawiyo anali mkulu wa mabwalo a mabanja, analangiza oweruza kuti azifalitsa zigamulo zawo zambiri atachotsamo mayina. Mu Okutobala 2021 womulowa m'malo, Sir Andrew McFarlane, anatulutsa lipoti losonyeza kuti anthu sangakhulupirire bwalo lomwe sakuliona, komanso kuti n'zotheka kutsekula chitseko popanda kuulula mwana. Mu Januwale 2023 anayamba kuyesa njira yatsopano m'mizinda itatu ya Cardiff, Leeds ndi Carlisle. Mu Januwale 2024 anaonjezerapo mabwalo ena 16, ndipo pa 27 Januwale 2025 njirayi inafika m'mabwalo onse a mabanja a ku England ndi Wales.

Njirayo ndi yotere. Mtolankhani akabwera, woweruza amapereka lamulo lakuti dzina la mwana, mayina a makolo, sukulu, malo okhala ndi zithunzi zisatuluke. Kupatula zimenezo, mtolankhani akhoza kulemba zomwe waona ndi kumva, ndipo akhoza kutchula woweruza ndi maloya. Makolo nawo amaloledwa kulankhula naye. Woweruza akaona kuti mlandu wina sukuyenera kulembedwa, ali ndi mphamvu yoletsa, koma ayenera kunena chifukwa chake. Taonani kusiyana kwake: wofooka ndiye waphimbidwa, wamphamvu ndiye ali poyera.

Chomwe chinatsimikiza kufunika kwa zimenezi ndi imfa ya mtsikana wa zaka 10 m'tauni ya Woking mu Ogasiti 2023. Mu Disembala 2024 bambo ake omubereka ndi mayi ake omupeza anapezeka olakwa pa mlandu womupha atamuzunza kwa nthawi yaitali. Kunadziwika kuti mabwalo a mabanja ankamudziwa mwanayu kuyambira ali khanda, ndipo mu 2019 bwalo linavomereza kuti azikhala ndi bambo akewo ngakhale panali madandaulo akale a nkhanza. Woweruza wina wa bwalo lalikulu analamula kuti mayina a oweruza omwe anamva milandu yakaleyo asatchulidwe, poopa kuti anthu okwiya angawachite chipongwe. Atolankhani anachita apilo, ndipo mu Januwale 2025 bwalo la apilo linafafaniza lamulo limenelo: yemwe wakhala pa mpando woweruza ayenera kudziwika. Chomvetsa chisoni kwa ife Asilamu n'chakuti pa mlanduwo kunamveka umboni wakuti hijab yomwe mwanayu anayamba kuvala inkabisa zilonda zake. Chovala cha ulemu chinagwira ntchito yophimba nkhanza. Umo ndi momwe chinsinsi chimakhalira chikachoka pa malo pake.

Nako ku South Africa, komwe abale athu ambiri a ku Mangochi ndi Machinga amakagwira ntchito ndipo ena amakakwatira komweko, mfundo yake ndi yomweyi. Mu 2009 bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo linathetsa gawo la lamulo la 1979 lomwe linkaletsa kufalitsa nkhani za milandu yothetsa ukwati, koma linalamula kuti mayina a eni mlandu ndi a ana awo asamatuluke.

Nanga chipembedzo chathu chikuti chiyani?

Wina akhoza kunena kuti izi ndi za Azungu. Ayi ndithu. Tikatsekula mabuku athu a Hadith tipeza kuti malamulo ambiri a banja omwe timaphunzitsa m'madrasa anachokera pa milandu yeniyeni yomwe inamvedwa anthu akuona, ndipo mayina a eni ake timawadziwa mpaka lero.

Khawla bint Tha'laba anakadandaula kwa Mtumiki (S.A.W.) za mwamuna wake Aws ibn As-Samit, yemwe anamulankhulira mawu a nthawi ya umbuli omusiya ali lende, wosakwatiwa komanso wosasiyidwa. Dandaulo lakelo ndilo chiyambi cha Surat Al-Mujadila, sura ya 58 ya Qur'an yolemekezeka. Hind bint Utba anakanena kuti mwamuna wake Abu Sufyan, mmodzi wa atsogoleri a Akuraishi, ndi woumira ndipo sakumupatsa zokwanira iye ndi ana, ndipo analoledwa kutenga zomukwanira mwachilungamo. Mkazi wa Thabit ibn Qays anapempha kumasulidwa, nabweza munda womwe anapatsidwa ngati mahari, ndipo pamenepo ndi pomwe timaphunzira za khulu. Khansa bint Khidham anakwatitsidwa ndi bambo ake iye asakufuna, ndipo Mtumiki (S.A.W.) anauthetsa ukwatiwo. Ngakhale mlandu wochititsa manyazi koposa, wa mwamuna wonenera mkazi wake chigololo popanda mboni, malumbiro ake anachitikira mumzikiti anthu alipo, ndipo Sahl ibn Sa'd, yemwe panthawiyo anali ndi zaka 15, anaonerera nadzafotokoza.

Palibe mmodzi mwa amayi amenewa yemwe anabwezedwa ndi mawu akuti za m'banja saulula. Ndipo chifukwa chakuti zigamulozo zinadziwika, mayi wosauka wa ku Makanjira lero akhoza kuima pa mlandu wa Hind n'kufunsa chakudya cha ana ake. Chigamulo chodziwika chimathandiza anthu omwe sanabadwe n'komwe, pamene chigamulo chobisika chimafera m'chipinda momwe chinaperekedwa.

Ophunzira a mazhabu ya Imam Shafi, yomwe ambiri mwa ife kunyanja kuno timatsatira, anaisamala mfundo imeneyi. M'kabuku kodziwika ka fiqhi kotchedwa Matn Abi Shuja muli malangizo akuti kadhi azikhala pakati pa mudzi, pa malo oonekera, popanda mlonda wotsekereza anthu kumufikira. Aziwachitira mofanana anthu awiri otsutsana, ngakhale pa kakhalidwe, pa kalankhulidwe ndi pa kayang'anidwe. Asalandire mphatso kwa anthu a m'dera lomwe akuweruza, ndipo asagamule ali wokwiya, wanjala kapena watulo. Mtumiki (S.A.W.) potumiza Ali (R.A.) ku Yemen anamulangiza kuti asagamule asanamve mbali yachiwiri monga momwe wamvera yoyamba. Tsono tidzifunse: malamulo onsewa tingadziwe bwanji kuti akutsatidwa ngati palibe yemwe akuona?

Makhoti a Chisilamu ankalembanso. Mu ufumu wa Ottoman makadhi ankasunga mabuku a milandu, ndipo ena olembedwa m'zaka za m'ma 1400 akadalipo. M'menemo muli milandu yochuluka ya amayi omwe ankabwera okha kudzafunsa mahari, chakudya cha ana ndi chuma cha masiye. Nayo Qur'an, m'ndime yake yaitali koposa, ya 282 mu Surat Al-Baqara, imatilangiza kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ngati ngongole ya ndalama ikufunika cholembera ndi mboni, kuli bwanji tsogolo la mwana?

Sitara ili ndi malo ake

Pamenepa tisamvane molakwika. Chisilamu chomwechi chimatilamula sitara, ndiko kuphimba manyazi a mnzathu. Hadith yomwe ili mu Sahih Muslim imadzudzula mwamphamvu munthu wofalitsa zinsinsi za kuchipinda za mkazi wake. Surat An-Nur inaika chilango cha zikoti 80 kwa wonenera mkazi wodzisunga chigololo popanda mboni zinayi. Surat Al-Hujurat imaletsa kufufuzana ndi miseche. Nayo ndime ya 35 ya Surat An-Nisa imatiuza kuti banja likagwedezeka pasankhidwe oyanjanitsa awiri, mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi. Amenewa ndiwo ankhoswe athu, ndipo ntchito yawo siifuna khamu la anthu.

Nanga ziwirizi zikugwirizana bwanji? Imam An-Nawawi, yemwe anamwalira mu 1277, anafotokoza zifukwa zisanu ndi chimodzi zomwe zimachititsa kuti kutchula choipa cha munthu kusakhale miseche. Choyamba mwa izo ndi cha munthu woponderezedwa yemwe akudandaula kwa kadhi kapena kwa wina aliyense yemwe ali ndi mphamvu yochotsa chiponderezocho. Choncho mayi yemwe akufotokozera a shehe kapena a majisitireti kuti mwamuna wake akumumenya sakuchita miseche. Koma yemwe akufotokoza nkhani yomweyo pa mjigo, pa doko kapena pa WhatsApp pofuna kuseketsa anzake, ameneyo ndiye akudya nyama ya m'bale wake.

Tisiyanitsenso pakati pa kuyanjanitsa ndi kugamula. Poyanjanitsa, anthu amafunika kumasuka, kulira, kupepesana ndi kuiwala, ndipo zimenezi zimayenda bwino chitseko chili chotseka. Koma pamene wina ayamba kugamula kuti ukwati watha, ana apita uku, nyumba ndi ya uje, pamenepo wagwira mphamvu pa moyo wa anzake, ndipo mphamvu iliyonse imafuna mboni.

Kwathu kuno zinatembenuka

Tikayang'ana m'midzi mwathu, kuyambira ku Nkhotakota, Salima mpaka ku Mangochi, tiona kuti nthawi zambiri tinazitembenuza. Chomwe chimayenera kubisika ndicho chili poyera, ndipo chomwe chimayenera kukhala poyera ndicho chabisika. Banja likangogwedezeka, mawu ojambulidwa pa foni amazungulira mudzi wonse dzuwa lisanalowe, ndipo zolakwa za mayi zimakambidwa mpaka pa bawo. Koma chigamulo chenicheni chimapangidwa ndi amuna atatu kapena anayi pa khonde Isha itatha, mwini nkhani ali kukhitchini.

Pali bambo yemwe ali ku Joni zaka zinayi, natumiza talaka pa foni kudzera kwa mchimwene wake, mkaziyo n'kumva patapita miyezi, osadziwa kuti eda yake inayamba liti kapena inatha kale. Surat At-Talaq imatilangiza kuika mboni ziwiri zolungama pa nkhani ya kusiyana ndi kubwererana. Ophunzira ambiri a fiqhi amati talaka imagwa ngakhale popanda mboni, komabe amalimbikitsa umboniwo chifukwa umatseka khomo la kukanirana. Ukwati timaumanga ndi mboni ziwiri ndi chakudya cha walima kuti mudzi wonse udziwe. Bwanji poumasula tikufuna mdima?

Palinso vuto la kukondera. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ngati mwamuna yemwe akuimbidwa mlandu ndiye anagula malata a mzikiti, kapena ndi mlamu wa a shehe, kapena ndiye mwini mabwato omwe theka la jamaa limagwirako ntchito, ndiye kuti ngakhale woweruza woopa Mulungu ali pa mayesero. Mboni ndi zolemba zimamuteteza iye yemwe, pakuti amatha kunena kuti, "Bambo, sindingathe, anthu akuona." Ndipo akagamula mwachilungamo, palibe yemwe angamunamizire kuti anadya chiphuphu.

Vuto lotereli silili kwa ife tokha. Mu 2018 boma la Britain linatulutsa kafukufuku wa mabwalo a sharia a m'dzikomo, yemwe anatsogoleredwa ndi Professor Mona Siddiqui. Anapeza kuti pafupifupi onse omwe amapita ku mabwalowa ndi amayi, ambiri ofuna kumasulidwa pa ukwati. Anapezamo zabwino, komanso anapezamo zoipa, monga kufunsa amayi mafunso osayenera ndi kuwakakamiza kugonjera zofuna za amuna kuti amasulidwe.

Komabe tivomereze kuti mudzi si mzinda wa Leeds. Kumeneko ukachotsa dzina, munthu wabisika. Kwathu kuno ukangoti mayi wa ana anayi yemwe mwamuna wake ali ku Joni, mudzi wonse wamudziwa kale. Choncho kuchita zinthu poyera kwa ife sikutanthauza kuitana khamu kapena kulengeza pa chimkuzamawu cha mzikiti. Kukutanthauza zinthu zinayi: eni nkhani onse alipo, mboni zodalirika zilipo, zifukwa zanenedwa, ndipo zonse zalembedwa.

Malamulo a dziko lino

Ku Kenya makhoti a makadhi ali m'malamulo aakulu a dziko a 2010, ndipo amaweruza za ukwati, kusiyana ndi chuma cha masiye pakati pa Asilamu, ndipo wosakhutira amachita apilo ku bwalo lalikulu. Kuno ku Malawi tilibe makhoti otero a boma. Chigamulo cha a shehe chimaima pa ulemu ndi chikhulupiriro chomwe anthu ali nacho pa iwo, ndipo n'chifukwa chake chiyenera kukhala choyera kwambiri.

Komanso tidziwe kuti khomo la makhoti a boma ndi lotsekukira Msilamu aliyense. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chipembedzo mofanana ndi wa chikhalidwe ndi wa kwa DC. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linakhazikitsa mabwalo a ana, ndipo limaletsa kufalitsa zinthu zomwe zingaulule mwana yemwe nkhani yake ili pa bwaloli. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Lamulo la 2006 limateteza anthu ku nkhanza za m'banja. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Makhoti athu amamva milandu poyera, koma woweruza ali ndi mphamvu yotulutsa anthu ngati paoneka chifukwa. Choncho mayi kapena bambo yemwe mlandu wake uli ndi nkhani za kuchipinda akhoza kupempha zimenezi mwaulemu. Akhoza kupita ndi m'bale wake, kupempha womasulira ngati amamasuka bwino m'Chiyao, kupempha pepala la chigamulo, ndi kuchita apilo ngati sanakhutire. Yemwe alibe ndalama ya loya akafunse ku ofesi ya Legal Aid.

Tichitenji tsono?

Choyamba, pasakhale chigamulo chokhudza munthu yemwe sanaitanidwe. Mayi akhalepo yekha ndipo alankhule ndi pakamwa pake, osati malume ake okha. Bambo yemwe ali kunja amvedwe pa foni mboni zikumva. Mwamunanso ali ndi ufulu womwewu, pakuti kuno kwa ife a chikamwini alipo abambo omwe amathamangitsidwa pa mudzi n'kuletsedwa kuona ana awo popanda kufunsidwa kanthu.

Chachiwiri, mzikiti uliwonse ukhale ndi buku la milandu ya mabanja, losungidwa motsekera. Mulembedwe tsiku, mayina a omwe analipo, mwachidule zomwe mbali iliyonse yanena, chigamulo ndi chifukwa chake, tsiku lomwe eda yayamba, mahari otsala, ndi ndalama kapena chimanga chomwe bambo azipereka kwa ana. Onse asaine kapena adinde chala, ndipo aliyense atenge pepala lake. Kope limodzi ndi cholembera si zodula kuposa mtendere.

Chachitatu, pa bwalo pakhale mayi wachikulire, wodziwa chipembedzo ndi wosunga pakamwa. Pali zinthu zomwe mkazi sangazinene pamaso pa amuna okhaokha, ndipo zikapanda kunenedwa chigamulo chimakhala cholumala.

Chachinayi, woweruza yemwe ali pa ubale kapena pa ngongole ndi mbali imodzi anene poyera, napereke mlanduwo kwa mnzake. Ndipo wosakhutira aloledwe kupita kwa a shehe ena kapena ku khoti popanda kutchedwa wamwano kapena wotuluka m'chipembedzo.

Chachisanu, ana atetezedwe. Ife omwe timaphunzitsa m'madrasa timaona momwe mwana amasinthira anzake akayamba kumuseka ndi nkhani ya makolo ake: amasiya kukweza mawu powerenga, kenaka amayamba kujomba. Mwana asakhale pa bwalo pomwe makolo ake akutukwanizana. M'mazhabu ya Imam Shafi, mwana yemwe wayamba kuzindikira, cha m'ma zaka 7, amafunsidwa komwe akufuna kukhala, potsatira zomwe Mtumiki (S.A.W.) anachita ndi mnyamata wina. Koma kufunsako kuchitikire pa malo a phee, popanda maso oopseza a mbali iliyonse.

Chachisanu ndi chimodzi, nkhanza si chinsinsi cha banja. Mwana akagwiriridwa, akapezeka ndi zilonda, kapena mayi akamenyedwa mpaka kuvulala, nkhaniyo ipite ku chipatala ndi ku polisi, komwe kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Kuithetsa pa khonde ndi mbuzi kapena ndalama ndiko kugula chete ndi magazi a mwana, ndipo wolakwayo mawa adzalakwira wina. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pomaliza, zingakhale bwino kuti kamodzi pa chaka komiti ya mzikiti iziuza jamaa, popanda kutchula dzina la munthu, kuchuluka kwa milandu yomwe yamvedwa, mabanja omwe ayanjanitsidwa, omwe atha, ndi zomwe zikuthetsa mabanja kwambiri m'deralo. Tikatero achinyamata omwe akukonzekera nikah adzaphunzira, ndipo anthu adzalikhulupirira bwalo lawo chifukwa akuona ntchito yake.

Awerengi athu okondedwa, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero ndi mwana wamkazi wa mnansi wanu yemwe akudikira kuseri kwa nyumba pamene ena akukambirana za moyo wake, mawa akhoza kukhala wanu. Tiyeni tiphimbe zomwe Allah watilamula kuphimba, ndipo tiike poyera zomwe watilamula kuikira umboni, pokumbukira kuti tonsefe, oweruza ndi oweruzidwa, tidzaima pa bwalo lomwe palibe chobisika. Allah atipatse mabanja a mtendere ndi atsogoleri achilungamo. Ameen.